Mphepo ya ku Tsangano Ikatsikira Kunyanja

Kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Furancungo, mphepo ya mu June ndi July ndi nkhani ya bulangeti ndi nkhuni. Imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, nthawi zina ndi kamvula kowaza ka chiperoni, ana n'kumapita kusukulu manja ali m'khwapa. Sisasula denga, sigwetsa chimanga, choncho palibe amaiopa. Koma mphepo yomweyo ikatsika mapiri n'kugwera pa nyanja ya Malawi, imene mbali ya Mozambique imatchedwa Niassa, ndiyo mwera uja. Asodzi akaona kuti wayamba amakokera mabwato pamchenga n'kukhala pansi kusoka maukonde.

Ndikulembera inu a kumapiri chifukwa ndinu mukutsikira kumadzi masiku ano. Ena mumadutsa pa Biriwiri ndi matumba a mbatatesi, kabichi ndi nyemba, n'kutsetsereka msewu wa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kenako ku Monkey Bay kapena ku Chipoka, pobwerera mutasenza usipa ndi utaka. Anyamata ena a ku Macanga, fodya akagulitsidwa, amapita ku Cahora Bassa kukafuna ganyu ya kapenta. Ambiri mwa inu simudziwa kusambira, ndipo si mlandu: timitsinje takwathu tambiri timalekeza m'mawondo mvula ikatha. Vuto lili pa kayang'anidwe ka nyengo. Mlimi amayang'ana kumwamba, akaona kuti kuli mbee amati kunja kwacha bwino. Mwera nawo umakonda masiku omwewo a dzuwa lopanda mtambo.

Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kuwoloka nyanja kulunjika ku Florence Bay, kumunsi kwa phiri la Livingstonia, dera limene lero timalidziwa kuti Chitimba. Inali sitima yatsopano ya kampani ya Nyasaland Railways, yachitsulo, ya injini ziwiri, yobwera m'zidutswa kuchokera ku Britain n'kulumikizidwa pompano. Unali ulendo wake wachinayi chabe chiyambire kunyamula anthu. Mwera unali utakula. Njira yochokera ku Mbamba Bay imadula nyanja mopingasa, kotero mafunde ochokera kummwera ankaimenya cham'mbali ndi chakumbuyo. Itatsala pang'ono kufika, gombe likuoneka, inapendekeka, madzi analowa, n'kugubuduka. Anthu 145 anafa, kuphatikizapo woyendetsa, Captain Farquharson. Ochuluka anali a kalasi yotsika amene anali m'chipinda cha pansi, kumene kunalibe mpata wothawira. Ngozi yoposa imeneyi sinachitikeponso pa nyanjayi.

Zimene zinakambidwa pambuyo pake zinaloza mbali ziwiri: sitimayo inali yolemera kumwamba, komanso woyendetsa anapitiriza ulendo nyanja ili yoipa. Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951 m'malo mwake, ikuyendabe mpaka pano, ndipo nayonso mwera ukakwiya imachedwa pa doko, anthu n'kumang'ung'udza. Ine ndimati ang'ung'udze. Ngati chitsulo cha matani mazanamazana chinamira gombe likuoneka, boti lamatabwa la injini imodzi yakumbuyo lingadalire chiyani?

Kukula kwa mafunde kumachokera pa mphamvu ya mphepo, nthawi imene yakhala ikuwomba, ndi mtunda wa madzi umene yadutsapo popanda chotchinga. Chomalizachi n'chimene munthu wa kumtunda sachiganizira. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, yagona kuchokera kummwera kupita kumpoto pakati pa mapiri, ndipo mwera umathamanga m'litali mwake momwemo. Ku Mangochi umayamba ndi timakwinya, pofika ku Nkhotakota ndi Likoma wautsa mafunde otalika kuposa munthu, ndipo kumpoto, kumene madzi amazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndiye kuli kumathero a mtunda wonsewo. Vipya inamira kumeneko. Mafunde a m'nyanja yotere amabweranso mothinana. Boti lisanadzuke pa funde loyamba, lachiwiri lafika kale, ndipo lachitatu limalowa m'kati.

Pamenepa mpamene doko limanamiza mlendo. Madoko abwino amakhala pobisika. Ku Monkey Bay mapiri amatchinga mwera, madzi a pagombe n'kukhala phee ngati a m'mtsuko, pamene kungotuluka pakamwa pa dokolo kuli zoopsa. Tsono tiyerekeze kuti mwafika ndi matumba khumi, mwalipira galimoto, mukuwerenga ndalama ya chigono, ndipo mwini boti akuti, "Achimwene, lero ayi, tiyeni tione mawa." Mukuyang'ana madzi, mulibe kanthu. Mukuganiza kuti akufuna kukweza mtengo. Mumawonjezera ndalama, kapena mumapita kwa mnyamata wina amene ali ndi ngongole ya mafuta, iye n'kuvomera. Ngozi zambiri za apaulendo zimayambira pa kukambirana kotereku, madzi asanakhudze n'komwe boti. Mwini boti woyamba uja sanayang'ane madzi a pamapazi anu. Anaona mzere wakuda kutali, mitu yoyera pa mafunde, ndiponso kuti asodzi a khoka la chilimira sanapite usiku wathawu. Siginala amene amatsogolera anzake ndi nyali usiku uliwonse akagona kunyumba nsomba zili pa mtengo wabwino, pali chimene wadziwa.

Katundu naye ali ndi mbali yake. Mbatatesi ndi zolemera, zimamiza boti mpaka m'mphepete mwake mutsale chikhatho chimodzi pamwamba pa madzi. Usipa wouma ndi wopepuka koma umaunjikidwa m'mwamba, anthu n'kukhala pamwamba pa matumbawo, ndiye kulemera konse kwakwera, monga zinalili ndi Vipya. Madzi akalowa pang'ono amathamangira mbali imene boti lapendekera n'kulipendeketsa kwambiri. Funde likamenya kumanja, anthu amathawira kumanzere onse pamodzi, n'kumaliza okha ntchito imene funde linayamba. Pa Isitala wa 2017 boti lodzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero linagubuduka pafupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, mtunda wochepa kummwera kwa pomwe Vipya inamira, ndipo anthu anafa. Sanali pa ulendo wautali, ankangotsata gombe kubwerera kwawo. Mukakwera, khalani pansi penipeni, musaimirire, ndipo wokapa madzi musamupanikize ndi thumba. Ngati muli jekete lopulumutsira moyo, livaleni musananyamuke, chifukwa m'madzi simungathe kumanga zingwe zake. Ngati mulibe, chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino chikhale pafupi ndi dzanja lanu. Boti lamatabwa likagubuduka nthawi zambiri limayandamabe, ndipo wogwirira pamenepo amapezeka msanga kuposa wosambira kulunjika kumtunda.

Mwera ndi wa May mpaka August, nthawi zina kulowa mu September, ndipo umatha kuwomba masiku angapo osapuma. Nyengo yotentha kumabwera vuma kuchokera kum'mawa, dzinja kumabwera mpoto. Ya dzinja imene ndimaiopa ndi ija yotsogolera mvula ya mabingu. Mtambo wakuda ukaima pa phiri, kamphepo kozizira n'kukufikani mwadzidzidzi pa nyanja yabata, dziwani kuti namondwe ali pa mphindi zowerengeka. Uyu mumamudziwa kale, ndi yemwe amasasula madenga a sukulu kwathu kuno, kungoti pa madzi palibe khonde lothawirapo.

Za Cahora Bassa ndinene pang'ono, chifukwa ena amaipeputsa poti ndi damu. Khoma lake linatsekedwa ku Songo mu 1974, ndipo madzi anabwerera m'mbuyo mtunda woposa makilomita 200 mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Nyanjayi yagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kotero mphepo ya m'chilimwe yochokera kum'mawa imapeza mtunda wokwanira m'malo otakasuka ngati a ku Chicoa. Ili ndi zakezake zimene ku Niassa kulibe: mitengo ya nkhalango imene inamizidwa idakaimabe pansi, ndipo madzi akatsika nsonga zake zimabisala pansi pang'ono, zokwanira kuboola thabwa kapena kuthyola chopalasira cha injini. Mvuu ndi ng'ona ziliponso zambiri, moti kugwera m'madzi pafupi ndi gombe sikutanthauza kuti mwapulumuka. Ntchito ya kapenta, kansomba kamene kanachokera ku nyanja ya Tanganyika kudzera ku Kariba, imagwiridwa usiku ndi magetsi owala. Woima pansi pa getsi loterolo saona kanthu kunja kwa kuwalako, mtambo ngakhale funde. Mnyamata watsopano afunse pa tsiku loyamba kumene amathawira mphepo ikadzuka, ndi amene ali ndi mphamvu yonena kuti tizule nangula.

Machenjezo alipo, ndipo ndi aulere. Ku Malawi nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza za mwera pa wailesi ndi pa Facebook, nthawi zambiri kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mawailesi a ku Malawi amamveka bwino m'midzi ya m'malire. Ku Mozambique ntchitoyi ndi ya INAM. Koma inu muli ndi chenjezo lina limene a kunyanja alibe. Mukadzuka ku Tsangano kukuzizira kuposa dzulo, mitengo ya bulugamu ikuweramira kumpoto, chiperoni chikukwera m'zigwa, mpweya womwewo uli kale pa nyanja kapena ufika posachedwa. Tsiku limenelo imbirani foni munthu wa pa doko musanakweze katundu pa galimoto.

Powerengera phindu la ulendo wa mu July, ikanimo ndalama ya chigono ndi chakudya cha masiku awiri kapena atatu odikira, kuti mwini boti akati mawa musakhale ndi chokukakamizani. Mbatatesi ndi nyemba zimapirira masiku amenewo pamthunzi. Tomato ndi kabichi sizipirira, ndiye zimenezo gulitsiranitu pa Tsangano Turn-off kapena pa Lizulu.