Musanakafufuze Makolo ku Mishoni

Achinyamata amene mwayamba kufunsa komwe munachokera, dziwani kuti mabuku akale a ubatizo ndi maukwati amasungidwa m'mamishoni monga Blantyre ya 1876, Nkhoma ya 1896, ndi Mua yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Koma musathamangire kukwera basi. Yambani mwacheza ndi agogo pakhonde, pakuti wopita ku mishoni chimanjamanja amabwerako chimanjamanja.

Afunseni dzina lakubadwa ndi dzina la ubatizo la munthu amene mukumufunayo, chifukwa m'buku angalembedwe Yohane pamene kumudzi ankamutchula dzina lina. Funsani mfunda wake, mudzi wake ndi nyakwawa ya nthawiyo. Akuluakulu ambiri sawerenga zaka m'manambala. Akanena kuti anabadwa pa nkhondo ya Chilembwe, lembani 1915. Akati pa njala yaikulu ija, afunseni ngati ndi ya 1949. Kumbukiraninso kuti kwa Achewa mbumba imatsata mayi, choncho kaonaneni ndi amalume, iwo ndiwo amadziwa mayina a akazi amene buku lingawadumphe.

Dziwitsani abusa kapena bambo mfumu musanafike, ndipo pemphani chilolezo mwaulemu. Tengani pensulo, inki ikadontha papepala la zaka zana sifufutika. Musanyambite chala potsegula tsamba. Mapepalawa ndi ofooka, ena m'mphepete anadyedwa kale ndi chiswe, ndipo akang'ambika palibe lina. Musajambule ndi foni musanaloledwe.

M'mabuku akale a Akatolika mudzapeza Chilatini, kotero Petulo adzakhala Petrus. Kalembedwe kanalinso kosiyana: pomwe inu mumalemba l, wina analemba r. Werengani mzere wonse, makamaka mayina a mboni, poti nthawi zambiri anali achibale kapena a mudzi womwewo. Chilichonse mwapeza, lembani dzina la buku ndi tsamba lake.

Mukasowa dzina musataye mtima. Makolo ambiri sanabatizidwe, ndipo ena ankakanizidwa chifukwa cha mitala kapena gule wamkulu. Pitirizani kufufuza ku National Archives ku Zomba. Zomwe mwapezazo kawerengereni abale onse akuluakulu akadali moyo, kuti akonze pomwe mlembi analakwitsa.