Koko, Chokoleti Chakuda ndi Kuthamanga kwa Magazi: Mau kwa Eni Makomo

Popeza mbiri yawanda yakuti chokoleti chakuda chichiritsa mtima, ndipo popeza ena amene anapezeka ndi matenda othamanga magazi ayamba kufunsa ngati angaleke mapiritsi ndi kumadya chokoleti m'malo mwake, kwatikomera kuiyala nkhaniyi poyera, kuti mudziwe pamene zoona zilekezera ndi pamene kukokomeza kuyambira.

Mtengo wa koko, umene kwawo ndi ku nkhalango za ku South America, umenenso lero ulimidwa kwambiri ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, ngakhalenso kwa anansi athu a ku Kyela kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ubala zipatso zake pathunthu penipeni, ndipo m'njere zake muli zinthu zowawa zotchedwa flavanol. Zinthuzi zikalowa m'magazi zithandiza khoma la mtsempha kutulutsa nitric oxide, amene afewetsa mtsemphawo kuti utanuke, potero mtima suvutika pokankha magazi. Dokotala wa ku Harvard, Norman Hollenberg, anachita chidwi ndi anthu a mtundu wa Kuna okhala pazilumba za San Blas ku Panama, amene amamwa koko makapu angapo tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale atakalamba magazi awo sankathamanga. Koma abale awo osamukira kumzinda, amene anasiya zakudya za makolo, matendawa ankawagwira monga wina aliyense.

Tsono phindulo ndi lalikulu bwanji? Akatswiri a Cochrane, atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2017, anapeza kuti koko atsitsa kuthamanga kwa magazi (BP) ndi manambala pafupifupi 2 okha. Munthu amene makina amuwerengera 160, kutsika kumeneko sikungamuchotse m'ngozi ya kufa ziwalo. Pakafukufuku wamkulu wa COSMOS ku United States, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anthu achikulire oposa 21,000 anatsatidwa zaka zoposa zitatu, ndipo pamene imfa za mtima zinachepa mwa omwe ankamwa flavanol, matenda onse a mtima powaphatikiza sanachepe mokwanira kuti akatswiri akhutire. Dziwaninso kuti anthuwo ankamwa makapisozi, sankadya chokoleti.

Apa mpamene pagona nkhani. Pofuna kupha kuwawa ndi kudetsa maonekedwe, mafakitale ambiri amaviika koko m'mankhwala a mtundu wa chidulo, monga amayi achitira pofewetsa therere, ndipo mankhwalawo aononga gawo lalikulu la flavanol uja. Pamwamba pake athira shuga, mkaka ndi mafuta, kufikira kuti chokoleti chotsekemera cha m'magolosale, chimene ana achilirira, chitsala ndi koko wochepa zedi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale chakuda chenichenicho n'chonenepetsa, pakuti magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 600.

Ngati thumba lilola, sankhani chimene papepala pake palembedwa 70% kapena kuposa, ndipo mubenthule kachidutswa kamodzi kapena tiwiri patsiku. Bungwe loona za chakudya ku Ulaya linanena mu 2012 kuti magalamu 10 a chokoleti chokhala ndi flavanol wambiri akwanira patsiku. Koko wa ufa wosasakaniza aposa wa m'zitini zimene shuga ndiye woyamba pamndandanda wa zosakaniza. Odwala matenda a shuga ayambe afunsa kuchipatala, ndipo osowa tulo asamwe madzulo.

Koma banja losakwanitsa lisadziyese lomanidwa. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti Mmalawi wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi magazi othamanga, ambiri osadziwa, ndipo chimene chingawathandize msanga chili kale m'khichini mwawo: mchere wa munthu mmodzi patsiku usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi timibulu tokometsera ndiwo. Nyemba, masamba ndi zipatso zichuluke, fodya alekeke, ndipo amene anapatsidwa mapiritsi awamwe mosadumphitsa, napite kukayezetsa pa tsiku limene analemberedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala.