Kukupiza Miyendo: Dzina, Kachitidwe ndi Phindu Lake

Mawu Oyamba

Pakati pa masewera olimbitsa thupi amene salira zitsulo, ndalama kapena bwalo lalikulu pali ena amene m'Chingerezi amatchedwa flutter kicks. Ambiri amawachita poyembekezera kulimbitsa minofu ya m'munsi mwa mchombo ndi kuphwetsa mimba. Mu nkhani ino ndifotokoza dzina la masewerawa, kachitidwe kake ndi zimene zimachitika m'thupi. Monga wophunzira za chiyankhulo, mfundo yanga ndi yakuti mawu amene timafotokozera masewera akhoza kumuteteza munthu kapena kumupweteketsa msana.

Dzina Lake

Dzina la Chingerezili linachokera ku masewera osambira, komwe limatanthauza kamenyedwe ka madzi ndi miyendo mosinthanasinthana. Asilikali a ku America, makamaka a Navy SEALs amene amaphunzira ku Coronado m'chigawo cha California, amachita masewerawa pamtunda pokonzekeretsa miyendo kusambira nthawi yaitali.

M'Chichewa ndalingalira aneni atatu. "Kupalasa" kumatipatsa chithunzi cha njinga, pamene miyendo imazungulira, choncho sikukugwirizana. "Kuphiriphitha" kumasonyeza thupi lonse likugwedezeka mopanda dongosolo, chimene ndicho choyenera kupewa. Ine ndasankha "kukupiza", chifukwa mbalame ikamakupiza mapiko, mapikowo ndiwo amayenda pamene thupi lili chikhalire. Ichi ndicho chimake cha masewerawa.

Kachitidwe Kake

Choyamba, yalani mphasa pamalo osalala ndipo mugone chagada. Manja muwaike m'mbali kapena pansi pa matako. Chachiwiri, limbitsani mimba ndi kukanikiza msana wa m'chiuno pamphasa kuti pasakhale mpata wolowa dzanja. Chachitatu, wongolani miyendo n'kuikweza masentimita pafupifupi 15 kuchokera pansi. Kenaka kwezani mwendo umodzi pang'ono uku winawo ukutsika, osagunda pansi, ndipo muzisinthanitsa motero. Kuyendako kuzichokera m'chiuno, osati m'mawondo. Muzipuma bwinobwino, kubanika dala sikuwonjezera mphamvu.

Asilikali amawerenga mikupizo inayi ngati ulendo umodzi, koma woyamba kumene angoyang'ana wotchi. Masekondi 15 kapena 20, katatu, ndi kupumula pakati, n'zokwanira poyambira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zimene Zimachitika M'thupi

Apa ndi pamene chiyankhulo chimasokeretsa. Tikamati "minofu ya m'munsi mwa mimba", womva amaganiza kuti pali mnofu wapadera pachinena. Kunena zoona, kutsogolo kwa mimba kuli mnofu wotchedwa rectus abdominis, umene uli mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo mbali iliyonse imayambira pafupa la pachinena mpaka pa nthiti yachisanu, yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri. Mnofuwu sufika kuntchafu, choncho sungakweze mwendo.

Ntchito yokweza miyendo ndi ya minofu ya m'kati mwa chiuno, makamaka psoas major, umene umayambira pamafupa a msana wa m'chiuno n'kukagwira kumtunda kwa fupa la ntchafu. Miyendo iwiri imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse. Pamene mnofuwu wanyamula katundu ameneyu, umakokanso msana kuti unyamuke pamphasa. Minofu ya pamimba ndiyo imakaniza zimenezi pogwira chiuno zolimba. Motero mimba siyenda, koma imagwira ntchito ngati mzati wa nyumba. Chimene chimakula kwambiri ndi kupirira kwa minofu, osati msinkhu wake.

Ngozi Yake

Minofu ya pamimba ikatopa, miyendo imatha kupitirizabe kukupiza, koma msana umapindika ndipo katundu yense amagwera pamenepo. Munthu amene anauzidwa kuti "kupiza mpaka utope" sadziwa pomwe angalekere. Koma amene anauzidwa kuti "msana ukangonyamuka, leka" ali ndi chizindikiro chodalirika. Ziganizo ziwirizi zikufotokoza masewera amodzi, koma chachiwiri ndicho chimateteza.

Kwa amene akulephera kugoneka msana pansi, akweze miyendo m'mwamba ndithu kapena apindeko mawondo. Mwendo ukatsikira pafupi ndi mphasa m'pamene umalemera kwambiri, monga khasu limalemera ukaligwira kunsonga ya mpini utatambasula mkono. Amayi oyembekezera, amene achira kumene, amene anachitidwa opaleshoni ya pamimba ndiponso amene amadwala msana ayambe afunsa achipatala. Kutentha kwa minofu yotopa n'kwachibadwa, koma ululu wolasa pamsana ndi chenjezo.

Nanga Mafuta a Pamimba?

M'chaka cha 2011, Vispute ndi anzake anafalitsa kafukufuku mu Journal of Strength and Conditioning Research. Mwa anthu 24, ena anachita masewera a pamimba masiku 5 pa sabata kwa masabata 6, ena sanachite. Pamapeto pake, amene anachita masewera aja anali ndi minofu yopirira koposa anzawo, koma mafuta a pamimba sanachepe. Thupi silisungunula mafuta pamalo okhawo amene akugwira ntchito. Wofuna kuphwetsa mimba ayang'ane kadyedwe kake ndi kuyendetsa thupi lonse. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera opumitsa wefuwefu pang'ono, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuwonjezera masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu.

Mawu Omaliza

Kukupiza miyendo ndi masewera othandiza kwa wophunzira amene ali ndi kachipinda kakang'ono ndi thumba loperewera, malinga adziwe chimene akuchita. Amakulitsa kupirira kwa minofu ya pamimba ndi ya m'chiuno, koma sachotsa mafuta, ndipo akachitidwa molakwika amavutitsa msana. Kwa ife a za chiyankhulo, ntchito yomasulira nkhani za umoyo siithera pa kupeza mawu ofanana ndi a Chingerezi. Tiyenera kusankha mawu amene angamuuze munthu chiwalo choyenera kuyenda, choyenera kukhala chete, ndi nthawi yolekera.