Phunziro 17: Mimba ya mwana wa sukulu

M'sukulu za ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, kalasi yoyamba imadzaza ndi anyamata ndi atsikana omwe. Koma pofika kalasi ya 6, atsikana amayamba kucepa. Kodi amapita kuti? Ena amakwatiwa atangotuluka ku cinamwali, cimene Ayao amati unyago. Ena amatenga mimba.

Mimba imabwera ndi anthu awiri, koma imaonekera pa munthu mmodzi. M'caka ca 2003, Unduna wa Maphunziro unalamula kuti mtsikana woyembekezera acoke m'kalasi ya masana, aziphunzira usiku. Lamulolo linkakhudzanso mnyamata wopereka mimbayo ngati anali wa sukulu yomweyo. Koma mnyamata ankatha kukana. Nanga mwini mimba akakhala bambo wamkulu wa malonda pa msika? Iyeyo ankangopitiriza malonda ake. Komanso sukulu ya kumudzi yopanda magetsi inalibe kalasi ya usiku, motero mtsikana ankangokhala pakhomo. Lamulo limeneli linacotsedwa mu Disembala 2018. Tsopano mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wokhala m'kalasi masana pamodzi ndi anzake.

Vuto lalikulu limadza pa tsiku lobereka. Mtsikana wa zaka 14 kapena 15 amakhala asanakhwime mafupa a m'ciuno, ndipo nthawi zina njira imacepa. Matenda amatha kutenga masiku awiri kapena atatu mwana osabadwa. Pamenepo pafunika opaleshoni. Opaleshoni sicitika pa cipatala cacing'ono ca kumudzi, imacitika ku zipatala zazikulu monga ca ku Cuamba ndi ca ku Lichinga. Kucokera ku Mandimba kufika ku Cuamba pali makilomita pafupifupi 150.

Tsono ndani amalamula kuti ulendo uyambe? Kawirikawiri si wodwalayo. Ndalama za fodya ndi za thonje amasunga ndi mwamuna, ngakhale kumunda analima onse awiri. Njinga nayonso ndi ya mwamuna. Iye akakhala kuti wapita ku msika wa ku malire, anthu amamudikira, kapena amatuma mwana kukaitana amalume. M'midzi ina, amayi akuluakulu akaona kuti mwana akucedwa amati mtsikanayo anayenda ndi amuna ena, ndipo amamuumiriza kuti aulule maina ao. Zimenezi si zoona. Cimene cikucedwetsa mwana ndi kucepa kwa njira, ndipo pamene iwo akufunsa maina, nthawi ikutha. Mwamuna samufunsa ciliconse.

Mutu wa mwana ukapanikiza cikhodzodzo nthawi yaitali, mnofu wa pamenepo umafa ndipo pamabooka. Mkodzo umangotuluka wokha usana ndi usiku. Matendawa dzina lake ndi fisitula. Nthawi zambiri mwanayo amabadwa wakufa. Mayiyo amaleka kupita ku msika, ku mzikiti kapena ku chalichi cifukwa ca fungo, ndipo amuna ambiri amamusiya n'kukakwatira kwina. Fisitula si ufiti ndiponso si cilango. Madokotala amatha kusoka bowolo ndipo amayi ambiri amacira.

Pali zinthu zimene zimathandiza. Mtsikana woyembekezera ayambe sikelo msanga. Mwezi wobereka ukayandikira, akakhale ku nyumba yodikirira imene imamangidwa pafupi ndi cipatala. Banja lisunge ndalama ya ulendo fodya akangogulitsidwa, ndipo mayi adziwe pamene ili.

Mu 2019 dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo nambala 19/2019, loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Munthu wamkulu wokwatira mwana akhoza kumangidwa mpaka zaka 12. Makolo ndi mafumu ovomereza ukwati wotere nawonso amakhala ndi mlandu.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani lamulo la 2003 linkapweteka atsikana koposa anyamata?
2. Fotokozani mmene fisitula imayambira.
3. Kwanu, mayi akadwala usiku bambo kulibe, ndani amalamula zopita ku cipatala? Kambiranani m'magulu.
4. Funsani akuluakulu kuti nyumba yodikirira yapafupi ndi mudzi wanu ili kuti, ndipo ndi ulendo wa maola angati pa njinga.