Mafunso ndi Mayankho: Jakisoni Woletsa Kutaya Magazi

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Adokotala, mpongozi wanga atachira mwezi watha anataya magazi ambiri. Anamwino anamubaya mankhwala mumtsempha, ati tranexamic acid, ndipo magazi anasiya. Kodi ndi mankhwala anji, nanga anawatulukira ndani?"

Zikomo mayi, tathokoza kuti mpongozi wanu ali moyo. Munthu akatemeka, thupi limaluka kaukonde ka ulusi wotchedwa fibrin pabalapo, magazi nkugwirana. Koma thupi lomwelo lilinso ndi chosungunula ukondewo, dzina lake plasmin, kuti mitsempha isatsekeke. Mayi akataya magazi kwambiri, chosungunulachi chimachita changu mopitirira, ukonde ukungolukidwa icho chikumasula. Mankhwala amene munawaona aja amachigwira dzanja kuti ukonde ukhalepo.

Anawatulukira ndi mayi mnzanu, dokotala wa ku Japan, Utako Okamoto, pamodzi ndi amuna awo a Shosuke Okamoto. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Japan inali paumphawi, ndipo ofufuza analibe zipangizo zokwanira. Awiriwa anasankha kufufuza za magazi, popeza akasowa poyesera ankatha kutenga awo omwe. Mayiyu nthawi zina ankagwira ntchito mwana ali kumsana, ngati mmene inu mumachitira kudimba. Zotsatira zawo anazisindikiza mu 1962.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Cholinga chawo chenicheni chinali kupulumutsa amayi otaya magazi pobereka, koma madokotala a azimayi a kwawo sanafune kuyesa mankhwalawo. Kwa zaka zambiri ankangothandiza pa maopaleshoni, pozula mano ndi kwa amayi osamba kwambiri. Mayi Okamoto anamwalira mu April 2016 ali ndi zaka 98, kutatsala chaka chimodzi kuti umboni umene ankaufuna utuluke.

Umboniwo ukutifikitsa pa kalata ya bambo wina wa ku Chipata, amene akufunsa ngati mankhwalawa anayesedwapo pa anthu a kuno ku Africa.

Eya bambo, ngakhale kwanu komweko. Kafukufuku wotchedwa WOMAN, wotsogoleredwa ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, anakhudza amayi oposa 20,000 m'maiko 21, ndipo Zambia, Tanzania, Uganda ndi Nigeria anali momwemo. Zotsatira zinatuluka mu 2017: amayi akalandira mankhwalawa pasanathe maola atatu chiberekereni, imfa za kutaya magazi zinkatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akachedwa kupitirira pamenepo, phindu silinkaonekanso. Chaka chomwecho bungwe la WHO linalangiza zipatala kuti ziziwapereka, gilamu imodzi mumtsempha, ndi ina ngati magazi akupitirira pakatha mphindi 30. Kale mu 2010 kafukufuku wina, CRASH-2, anali ataonetsa kuti amapulumutsanso ovulala pangozi. Bamboyu akuopanso kuti mwina magazi angaundane m'mitsempha. Mwa amayi aja, vutoli silinachuluke kwa amene analandira mankhwala poyerekeza ndi amene sanalandire.

Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Mangochi: "Kwathu nkutali ndi chipatala. Bwanji tigule mankhwalawa tizisunga m'nyumba?"

Ayi agogo, pepani, pamenepo ndikukanizani. Kawirikawiri mayi amataya magazi chifukwa chiberekero sichinakhwime mwana atabadwa, kapena kachidutswa ka nsengwa katsalira, kapena wang'ambika. Tranexamic acid sakhwimitsa chiberekero, imeneyo ndi ntchito ya mankhwala ena otchedwa oxytocin. Sachotsa nsengwa, ndiponso sasoka. Amangothandizira pamene mzamba akulimbana ndi gwero la vutolo, ndipo ena amafunikabe kuwonjezeredwa magazi. Komanso jakisoni wa mumtsempha si wobayira kunyumba.

Kutalika kwa njira kumene mukunenako ndiye chifukwa chake mayi woyembekezera apite kuchidikiro masiku akayandikira. Maola atatu aja timawerenga kuyambira pamene mwana wabadwa, osati pamene mwafika pachipata cha chipatala. Mukaona nsalu zikunyowa msangamsanga, mayi akuchita chizungulire kapena akuzizira manja, musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwaitana ankhoswe. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo.