Phunziro la Pathology: Mafunso Anayi pa Khansa ya Burkitt

Ambiri mwa inu mwaloweza kale mayina a matenda, koma mukapatsidwa maikulosikopu mumangoti kakasi. Lero titenga nthenda imodzi, Burkitt lymphoma, n'kuifunsa mafunso anayi amene muzifunsa pa nthenda iliyonse: yayamba chifukwa cha chiyani, ikuwononga bwanji thupi, maselo ake akuoneka motani, ndipo wodwala adzafika kwa inu ali bwanji.

Tiyambe ndi gwero lake. Mu 1958, dokotala Denis Burkitt wa pa chipatala cha Mulago ku Kampala analemba za ana amene ankatupa nsagwada mofulumira modabwitsa. Atafufuza m'zipatala zambiri za mu Africa, anaona kuti khansayi imakonda madera otentha ndi a mvula yambiri, komwenso malungo amavuta chaka chonse. Mu 1964, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi ku London, kamene lero timati EBV. Koma pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali ndi EBV ndipo ali bwinobwino. Kachilomboka pakokha sikakwanira. Malungo a falciparum obwerabwera ndiwo amachulukitsa maselo a B n'kufooketsa chitetezo chimene chikanakaletsa.

Funso lachiwiri ndi limene ophunzira amalithawa, chonsecho ndilo mtima wa pathology. Selo ya B ikamakonza ma antibody, imadula ndi kulumikizanso DNA yake. Mpata wolakwitsa umakhala pomwepo. Chidutswa cha chromosome 8 chimasinthana malo ndi cha chromosome 14, ndipo jini ya MYC, imene imauza selo kuti igawikane, imakakhala pambali pa jini ya antibody yomwe m'selo ya B imagwira ntchito usana ndi usiku. Kuyambira pamenepo MYC sizimanso. Izi zimachitika mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 alionse; mwa otsalawo, chromosome 8 imasinthana ndi 2 kapena 22. Mukamvetsa zimenezi, mayankho awiri otsalawo mungawapeze nokha osatsegula buku.

Tsopano yang'anani silaidi. Yapakidwa haematoxylin ndi eosin. Muona maselo ofananafanana, othithikana, obiriwira ngati mtambo woderako, ambiri ali mkati mogawikana. Pakati pawo pali timalo toyera, amene ndi ma macrophage akumeza maselo akufa, pakuti selo yothamangitsidwa ndi MYC imafanso msanga. Mabuku amati starry sky, poti zimaoneka ngati nyenyezi kumwamba usiku. Musangoona nyenyezizo n'kulemba Burkitt, chifukwa ma lymphoma ena othamanga amaonekanso choncho. Mukayeza Ki-67, pafupifupi selo iliyonse imaonetsa kuti ikugawikana.

Pomaliza, wodwalayo. Kuno ku Malawi iyi ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana, ndipo imagwira anyamata ambiri kuposa atsikana. Mwana amabwera nsagwada itatupa, mano akugwedera, diso litatong'oka, kapena mimba itafufuma. Chotupachi chingakule kuwirikiza kawiri pa maola 24 mpaka 48 okha. Choncho mwana wotere sitimubweza kunyumba ndi mankhwala a dzino kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Timatenga maselo ndi singano mwamsanga n'kutumiza ku labotale.

Kuthamanga komweko ndi kumene kumachititsa kuti mankhwala onga cyclophosphamide asungunule chotupachi msanga, komanso kumabweretsa ngozi ina. Maselo ambirimbiri akafa nthawi imodzi, amakhuthulira potassium, phosphate ndi uric acid m'magazi, ndipo impso ndi mtima zingalephere. N'chifukwa chake mwana amayamba walandira madzi a dripi ndi allopurinol mankhwala a khansa asanayambe.

Pa phunziro lotsatira, aliyense abwere atayankha mafunso anayi omwewa pa Kaposi sarcoma, pa tsamba limodzi lokha. Muyambire pa kachilombo ka HHV-8.