Chifukwa Chake Pamwamba pa Phiri la Mulanje Pamazizira

Munthu akaima m'minda ya tiyi n'kuyang'ana phiri la Mulanje, amaopa matanthwe otsetsereka ndi kutalika kwa ulendo. Komabe choyenera kuopedwa kwambiri pa phirili ndi kuzizira ndi nkhungu. Nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi malo okwera kuposa onse m'Malawi muno, ili pa mamita 3,002 kuchokera pamene palekeza madzi a m'nyanja yamchere. Ena amati pamwamba payenera kutentha chifukwa ndi pafupi ndi dzuwa. Maganizowa akumveka, koma si mmene zilili. Dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndiyo imafunditsa mpweya umene uli pafupi nayo. Mpweya wofundawo ukamakwera m'mwamba umatakasuka, ndipo ukatakasuka umazizira. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Choncho wochoka ku Likhubula, m'tsinde mwa phirili, thukuta lili kamukamu akhoza kufika ku Sapitwa n'kupeza kutentha kwatsika ndi madigiri oposa 12, mphepo ikuomba popanda mtengo woitchinga. M'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu wa pamwamba pa phiri umatha kudzuka utayera ndi chisanu.

Nkhungu nayo ili ndi gwero lake. Mphepo yochokera ku nyanja ya Indian Ocean imadutsa dziko la Mozambique itasenza chinyontho. Ikafika pa phiri imasowa podzera, ndiye imakwera. Ikamakwera imazizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka timadontho ta madzi, monga zimachitikira pa chivundikiro cha poto wowira. Timadonthoti ndi nkhungu ndi mvula yowaza ija timaitcha chiperoni, imene imabwera makamaka nthawi yozizira. Imatha kuphimba njira m'kanthawi kochepa, mpaka mnzako amene ali patsogolo osamuonanso. Kuchokera ku nyumba yogonamo ya Chisepo, njira ya ku Sapitwa si njira yopondeka ngati ya kumunda. Ndi miyala ikuluikulu, pena wokwawa pansi pake, pena wogwira ndi manja, ndipo munthu amatsata zizindikiro za penti pa miyalayo. Nkhungu ikabisa chizindikiro chimodzi chokha, munthu wasokera. Matanthwe onyowa amaterera. Zovala zikanyowa, mphepo imachotsa kutentha m'thupi mwamsanga. Munthu amayamba kunjenjemera, zala zimauma, kenako maganizo amasokonezeka ndipo amangofuna kukhala pansi agone. Apa ndiye pangozi, chifukwa wozizidwayo sazindikira kuti akudwala. Ayenera kuvulidwa zonyowa, kuvekedwa zouma, kubisidwa ku mphepo ndi kupatsidwa tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumeza.

N'chifukwa chake wokwera phiri ayenera kunyamula juzi, chipewa, jekete losalowa madzi, tochi, chakudya ndi zovala zouma zokulunga m'pulasitiki, ngakhale kutacha bwino chotani. Ayeneranso kulembetsa ku ofesi ya zankhalango, kutenga wolondolera njira ndi kunyamuka m'mamawa kuti mdima usam'peze pa miyala. Wina anganene kuti katundu yenseyu n'ngolemetsa pachabe. Zoonadi chikwama chimalemera pa chitunda, koma pali onyamula katundu amene ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo nyumba zogonamo za Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani zimathandiza kuti ulendo uziduka pawiri kapena patatu, munthu n'kugona pamoto. Wina anganenenso kuti iye anabadwira m'tsinde mwa phiri, amakwera kukatola nkhuni, ndiye wolondolera ndi wa alendo ochokera kunja. Mphamvu za m'miyendo ali nazo ndithu, koma kudziwa njira ya kunkhuni si kudziwa njira ya ku nsonga, ndipo nkhungu imatseka maso a mwini dera ndi a mlendo mofanana. Ndalama yolipira wolondolera imagula nzeru za munthu amene amaona mtambo ukutuluka m'chigwa n'kudziwa kuti nthawi yobwerera yakwana.

Palinso amene amati osowa pa phiri amatengedwa ndi mizimu, choncho juzi ndi tochi n'zosathandiza. Chikhulupiriro chimenechi n'chakale ndipo sichiyenera kunyozedwa, pakuti ulemu umene anthu a m'derali amapereka kwa phirili ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa bungwe la UNESCO kuliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025. Koma kulemekeza phiri sikuletsa munthu kudziteteza. Nthawi ya dzinja pamawonjezeka vuto lina: mvula ikagwa pamwamba, madzi salowa m'thanthwe, amathamangira m'mitsinje monga Likhubula ndi Ruo, ndipo kamtsinje kamene munawoloka m'mawa madzi ali m'akakolo kakhoza kukhala kosawolokeka madzulo. Zikatero wolondolera amauza gulu lidikire madzi aphwe, ngakhale zitanthauze kugonanso usiku wina pa phiri.